Amisiri a Mtengo a ku Petauke ndi Nyimba

Munthu akalowa m'mudzi uli wonse wa m'dziko la Ansenga, kuyambira ku mtsinje wa Luangwa, kupyola Kacholola ndi Nyimba, kufikira ku Petauke ndi ku Nyanje, adzaona kuti palibe banja limene litha tsiku osagwira cinthu cosemedwa ndi mmisiri wa mtengo. M'mamawa amai atenga munsi nasinja mu mtondo. Abambo asenza khasu la mpini wosema napita kumunda. Nsima ibvundulidwa ndi mthiko ndi kuomoledwa ndi cipande. Mlendo akafika amlandira ndi kampando. Ndipo madzulo ng'oma ilira pabwalo. Zinthu zimenezi tazizolowera kotero kuti sitifunsanso amene anazipanga, kapena kumene iye anaphunzira nchitoyo.

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya amisiri amenewa, ndiponso ya luso lina limene linafika mocedwa m'dziko lathu, ndilo kusema mtengo uli kuzungulira pa makina. Tikailondola bwino mbiriyi tidzapeza cinthu cimodzi cosasinthika: luso la mtengo limakula pamene anthu akhala pamodzi ndi kuonetsana, ndipo limafota pamene anthu abalalika. Mau amenewa ali ndi kanthu kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza sukulu ndipo muli kudzifunsa cimene mudzacita ndi manja anu.

DZIKO NDI MITENGO YACE

Dziko la Ansenga liri ndi mbali ziwiri. Ca kumadzulo kuli cigwa ca Luangwa, kotentha ndi kwa nyama zambiri. Ca kum'mawa kuli mtunda wa nthaka yabwino kumene anthu alima cimanga, nshawa ndi thonje. Ku mbali ya Nyimba kuli mafumu Ndake, Nyalugwe, Luembe ndi Mwape. Ku mbali ya Petauke kuli Kalindawalo, Mumbi, Mwanjawanthu, Nyamphande, Sandwe ndi Nyanje. Maiko a mafumu onsewa anali a nkhalango zazikuru, ndipo mbali iri yonse inali ndi mitengo yaceyace.

M'cigwa mumamera tsanya, umene ena aucha mupani, mtengo wolemera ndi wouma gwa, wosadyeka ndi ciswe. M'mbali mwa mitsinje muli mbawa, mvunguti, mikuyu, ndi mtengo waukuru wochedwa mtondo. Kumtunda kuli mlombwa, umene anzathu a ku mbali zina za Zambia aucha mukwa. Munthu akautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi. Kulinso muwanga, mfula, ndi phingo wa mtima wakuda bii.

Nzeru yoyamba ya mmisiri inali kudziwa mitengo imeneyi monga munthu adziwa abale ace. Munsi ufuna mtengo wolemera, cifukwa cace anali kusankha tsanya kapena muwanga. Ng'oma ifuna mtengo wosabvuta kuugoba mkati. Bwato lifuna thunthu lalikuru loongoka, monga la mbawa kapena la mtondo. Mthiko ndi cipande zifuna mtengo wosawawa ndi wopanda ululu, pakuti zimalowa m'cakudya ca ana. Mlombwa anali kuukonda cifukwa ukauma supindika kapena kung'aluka kwambiri. Munthu wolakwa posankha mtengo anali kutaya thukuta la masiku ambiri pacabe. Ndipo nzeru yotere sanali kuitola yekha m'thengo, koma anali kuimva kwa akuru amene anayamba kulakwa iye asanabadwe.

SUKULU YA PA MPHALA

Kale mudzi uli wonse unali ndi mphala, malo amene amuna anali kusonkhana, kudyera pamodzi, ndi kukamba za mudzi. Pa mphala manja sanali kukhala cabe. Wina anali kuluka dengu, wina kupota cingwe, wina kukhomera mpini, wina kugoba mtondo. Zipangizo zao zinali zowerengeka: nkhwangwa yogwetsera ndi kudulira, nsompho kapena kasemasema wosemera, mpeni wosalazira, ndi citsulo coocha pamoto coboolera ndi kulembera maanga. Potsiriza anali kupukuta cinthuco ndi masamba okakala a mtundu wina wa mkuyu, nacidzoza mafuta a nsatsi.

Mnyamata sanali kulembedwa dzina kuti ayambe kuphunzira. Anali kuyamba ndi kutumidwa: katenge moto, gwira apa, nola mpeni uwu. Pambuyo pace anali kudzisemera nguli yace ndi kuikwapula ndi mkwapulo pabwalo. Nguli ikakana kuimirira, anzace anali kumseka, ndipo iye anali kuzindikira kuti mbali imodzi yalemera. Akakula pang'ono anali kuyesa mpini, kenaka mthiko, kenaka kampando. Popeza Ansenga atsata mtundu wa kucikazi, kawirikawiri mnyamata anali kulandira luso kwa malume ace. Ndipo pokakhala cikamwini ku mudzi wa mkazi, apongozi anali kumuyesa ndi nchito za manja zomwezo. Mkamwini wosadziwa kukhomera khasu kapena kumanga nkhokwe anali kukhala nkhani ya pa mtondo.

Tizindikirenso kuti wosema sanali kuima payekha. Nsompho yace inali kucokera kwa wosula pa cipala, ndipo wosulayo anali kulandira mipini kwa wosema. Wopanga ng'oma anali kufuna cikopa kwa mlenje. Bwato likasemedwa kutali ndi madzi, amuna a mudzi wonse anali kuitanidwa kudzalikoka, ndipo akazi anali kufulula mowa wa nchitoyo. Malipiro a mmisiri anali nkhuku, kapena dengu la mapira, kapena thandizo pa tsiku lace la kusowa.

Ngakhale zoimbira zinali kubadwira pomwepo. Kalimba wa Ansenga ali ndi kathabwa kosema kamene tizitsulo timakhalapo, ndi cigubu cokuza mau. Motero wosema ndi wosula akomana m'kanthu kamodzi. M'caka ca 1961 katswiri wa nyimbo, John Blacking, anafika m'boma la Petauke naphunzira kaimbidwe ka kalimba ameneyu, ndipo zimene analemba zinadziwitsa anthu a maiko akutali luso la anyamata a Cinsenga.

ALENDO NDI KUSINTHA KWA ZINTHU

Dziko ili silinali lobisika. Kuyambira m'zaka zoyamba za m'ma 1700 Apwitikizi anali ndi msika ku Zumbo, pamene Luangwa athira mu Zambezi, ndipo Acikunda anali kukwera ndi mtsinje kufuna minyanga ya njobvu. Ulendo wa pamadzi unali kudalira mabwato ndi nkhafi za amisiri a m'cigwa. M'caka ca 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga asanapitirire kumpoto. Pambuyo pace Mpezeni anabweranso ndi anthu ace, ndipo Angoni anakwatira akazi ambiri a Cinsenga, kotero kuti zidzukulu zao zinatenga cilankhulo ca amai ao. Masiku a nkhondo amenewo anabalalitsa midzi, koma sanaphe luso, pakuti kuli konse kumene anthu anamanganso mudzi anamanganso mphala.

Cimene cinagwedeza mphala kwenikweni cinafika mwakacetecete. Azungu a Kampani atagonjetsa Angoni m'caka ca 1898, anaika msonkho wolipira ndi ndalama. Ndalama m'mudzi munalibe; tsono amuna anayamba ulendo wa pansi kunka ku mapulazi ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena ku Johannesburg, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa ya m'dziko lathu lomwe. M'midzi yambiri munatsala akazi, ana ndi nkhalamba. Mnyamata wa msinkhu wophunzira kugoba mtondo anali pa njira, ndipo malume ace amene akadamphunzitsa anali ku Walale.

Nthawi yomweyo kunafika amishoni. A Dutch Reformed Church anatsegula Nyanje m'caka ca 1905 ndi Hofmeyr m'caka ca 1914. Akatolika anamanga ku Minga m'zaka za m'ma 1920. Nyumba za mishoni, machalichi ndi sukulu zinafuna zitseko, mazenera, mabenchi ndi magome, zinthu zimene nsompho yokha siingathe. Motero kunabadwa mmisiri wa mtundu watsopano, kalipentala, wogwira sowo, puleni ndi chizulo, woyesa ndi rula, wogwira nchito ndi matabwa oceka m'dzenje ndi anthu awiri, wina pamwamba wina pansi. Pamene alimi a ku Petauke anayamba kulima ndi ng'ombe ndi kugulitsa nshawa zao mwa cigwirizano, akalipentala anapezanso nchito ya magoli ndi ngolo.

Ukalipentala unali mphatso yabwino, koma unadza ndi kacirombo kace. Ana a sukulu anayamba kuganiza kuti nchito yophunzira kwa Mzungu ndiyo luso, ndipo yophunzira kwa malume ndi umbuli. Ena anapitirira pamenepo nayesa nchito iri yonse ya manja yonyozeka, nakhumba ukalaliki wokha. Masitolo a Amwenye anadzaza mbale za citsulo, pambuyo pace za pulasitiki. Cigayo cinalanda mtondo nchito yace yaikuru. Wosema wa pa mphala anatsala ndi mipini ndi mithiko.

MAKINA OZUNGUZA MTENGO

Pamodzi ndi mipando ndi magome a Cizungu, anthu anaona kanthu kena kacilendo: miyendo yobulungira bwino, ya mikanda ndi makosi ofanana mbali zonse, imene mpeni sungaiseme. Miyendo yotere ipangidwa pa makina amene m'Cingerezi achedwa lathe. Pa kusema kwa makolo athu mtengo ukhala cete ndipo citsulo ndico ciyenda. Pa makina amenewa mtengo ndiwo uzungulira ndipo citsulo cingoukhudza.

Nzeru ya kuzunguza siinali yacilendo konse kwa makolo athu. Iwo anali kupeka moto pozunguza kamtengo pakati pa zikhato, anali kupota thonje pa kamtengo kozungulira, ndipo ana ao anali kusewera nguli. Koma kuzunguza mtengo kuti ausemere pomwepo kunayambira ku maiko ena, kale lomwe. Cithunzi cakale kopambana coonetsa nchitoyi ciri m'manda a wansembe Petosiris ku Egypt, ndipo cinalembedwa zaka ngati 300 Kristu asanabadwe. Pa cithunzico pali anthu awiri: wina akoka cingwe cokulunga pa mtengo, wina agwira citsulo.

Kapangidwe ka makina otere nkosabvuta. Azika zipilala ziwiri zolimba, ndipo pa ciri conse akhomera citsulo cosongoka, nsonga ziwirizo zipenyane. Mtengo wofuna kusema aupana pakati pa nsongazo, naukulunga cingwe kawiri. Wokoka agwira nsonga za cingwe m'manja onse awiri, nakoka dzanja ili, kenaka linzace. Motero mtengo uzungulira kutsogolo ndi kubwerera. Kutsogolo kwace kuli kamtanda kotsamirapo chizulo. Wosema adula pokhapo pamene mtengo uli kuzungulira kudza kwa iye. Ukamabwerera, iye abweza chizulo pang'ono. Apa ndipo pali cinsinsi ca nchitoyi: anthu awiriwo ayenera kumvana monga oimba ng'oma. Wokoka akafulumira kapena kuzengereza, chizulo cikodwa ndipo mtengo uonongeka. Ndiponso wokoka cingwe lero ndiye wosema wa mawa, pakuti maso ace ali pa manja a mnzace tsiku lonse.

Mitundu ina inafuna njira yakuti munthu agwire yekha. Ku India ndi ku maiko a Aluya anamanga cingwe pa uta, dzanja limodzi liyendetse uta. Ndipo kufikira lero m'misika ya ku Marrakesh, m'dziko la Morocco, muli amisiri amene athandiza chizulo ndi zala za kuphazi. Ku Ulaya anamanga cingwe ku mtengo wowerama wokhala pamwamba ndi ku thabwa lopondapo pansi; phazi likaponda mtengo uzungulira, likaleka mtengo wa pamwamba ubweza cingwe. Pofukula pansi mu mzinda wa York ku England, pa malo ochedwa Coppergate, kuyambira 1976 kufikira 1981, anapeza mbale ndi zikho za mtengo zozunguzidwa zaka ngati 1,000 zapitazo. Ca m'ma 1800 Henry Maudslay wa ku London anakonza makina a citsulo ozunguzira zitsulo molongosoka, ndipo makina otere ndiwo anabala mafakitale a masiku ano.

M'dziko lathu njira zonse ziwiri zipezeka. M'matauni akalipentala azunguza miyendo ya mabedi ndi magome pa makina a magetsi, ena ogula, ena odzipangira ndi mota wakale ndi lamba. Osema zogulitsa kwa alendo, makamaka ku Malawi, agwiritsabe makina a cingwe popanga zoikapo makandulo, timbale, ndi tizidole ta masewera a chess. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, makina a mota anali kukhala duu. Koma makina a cingwe safunsa za Kariba.

MAGULU A OZUNGUZA KU MAIKO ENA

Tiyeni tsono tione cimene cinacitikira luso limeneli ku maiko kumene linakhazikika kale, pakuti mbiri yao ifanana ndi yathu koposa m'mene tiganizira. Ku London amisiri ozunguza anali ndi bungwe lao, Worshipful Company of Turners, limene Mfumu James I inalipatsa kalata ya cilolezo m'caka ca 1604. Bungwelo linali kuyang'anira kaphunzitsidwe ka anyamata ndi kuyendera nchito za amisiri, kuti zopangidwa mwacinyengo zisanyazitse onse. M'nkhalango za ku Chiltern amisiri anali kumanga misasa nazunguza miyendo ya mipando imene inali kupita ku High Wycombe.

Koma mafakitale anadza, ndi mbale zadothi ndi za citsulo zotsika mtengo, ndipo amisiri a m'midzi anatha mmodzimmodzi. George Lailey wa ku Bucklebury, amene anali kuzunguza mbale ndi makina opondera monga atate ace ndi ambuye ace, anamwalira m'caka ca 1958, ndipo panalibe womlowa m'malo. Makina ace anawanyamula nakawaika m'nyumba yosungiramo zakale ku Reading. Luso la mibadwo yambiri linasanduka cinthu congopenya.

Patapita zaka, anthu anamva kusowa kwace. Ena anayamba kuzunguza mtengo madzulo ndi pa Loweruka, osati cifukwa ca njala koma cifukwa ca kukonda. Koma yense anali m'kanyumba kace, kulakwa zolakwa zomwe mnzace analakwa kale. Motero anayamba kufunana. M'caka ca 1986 ku America anakhazikitsa American Association of Woodturners, limene liri ndi nthambi zoposa 300. M'caka ca 1987 ku Britain anayambitsa Association of Woodturners of Great Britain. Ku South Africa nakonso kuli magulu otere.

Kodi pa misonkhano yao amacitanji? Kawirikawiri akomana kamodzi pa mwezi. Mmodzi wodziwa aima pa makina naonetsa anzace kapangidwe ka cinthu, iwo ali kufunsa. Pali gome limene yense aikapo cimene wapanga mwezi umenewo, ndipo anzace aciyamikira kapena kuchula polakwika. Wopeza mtengo wogwa ndi mphepo agawirako anzace. Wacatsopano ampatsa munthu wamkuru womphunzitsa kunola zitsulo ndi kudzisunga ku ngozi. Abwerekana zipangizo ndi mabuku, amwera tiyi pamodzi, ayendera wodwala, ndipo pa masiku a cionetsero azunguzira ana nguli ndi kugulitsa mbale kuti athandize osowa.

Wowerenga waona kale cimene tiri kunena. Woonetsa, openya, kudzudzulana mwa cibale, kugawana mtengo, kudyera pamodzi: zonsezi ndi mphala. Anthu a maiko olemera anataya mphala yao, ndipo atazindikira kutayika kwace anaimanganso ndi malamulo olembedwa ndi ndalama za umembala. Ife tikali nazo nkhalamba zimene zinakhalapo pa mphala yeniyeni.

MSEU, MSIKA NDI KUTHA KWA MITENGO

Mseu waukuru wa kum'mawa, wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, unatsegula msika watsopano. Mlato woyamba wa pa Luangwa unamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo watsopano unatha m'caka ca 1968. Apaulendo aima pa mlatowo kugula nsomba zouma, madengu ndi mphasa. Aima pa Nyimba kugula nthoci. Ndipo m'mbali mwa mseu apeza mitondo, mipando ndi mithiko. Ku Lusaka, Kabwata Cultural Village inapatulidwa m'caka ca 1974 kuti osema ndi oluka akhale pamodzi ndi kugulitsa nchito zao. Ku Mua m'dziko la Malawi, Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni m'caka ca 1976, ndipo osema ambiri anaphunzira pamenepo poonerana. Ku Ukwimi, kumene kunatsegulidwa m'caka ca 1987 kuti kukhale othawa nkhondo a ku Mozambique, kunatsala sukulu ya nchito za manja iwo atabwerera kwao. Malo onsewa aphunzitsa cinthu cimodzi: amisiri akakhala pamodzi nchito ikongola ndipo ogula adziwa kowapeza.

Koma mseu womwewo ndiwo unyamula nkhalango. Ali yense woyenda pakati pa Luangwa ndi Petauke aona matumba a makala ali ndanda kudikira malole a ku Lusaka. Minda ikula caka ndi caka, ndipo moto wa lupsa upha mitengo yaing'ono. M'zaka zotsatira 2010 kunabuka malonda a mukula, mbale wace wa mlombwa, umene unali kutumizidwa ku China wosaceka. Boma linaletsa malondawo m'caka ca 2017, ndipo m'caka ca 2019 mukula unalembedwa m'pangano la maiko la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zimene zingathe kutha. Phingo ndi abale ace analowa m'pangano lomwelo pa msonkhano wa ku Johannesburg m'caka ca 2016, ndipo mlombwa ndi mbawa pa msonkhano wa 2022. Mlombwa ufuna zaka makumi ambiri kuti ufike pocekedwa; wodula lero adya za adzukulu ace.

Pali cina cotonthoza mtima. Lamulo la nkhalango la Zambia la caka ca 2015 lilola anthu a m'midzi kupanga gulu lozindikiridwa ndi Boma ndi kusamala nkhalango yao, ndi kupindula nayo. Apanso lamulo lifuna gulu, osati munthu mmodzi. Ndipo pa nkhani imeneyi wozunguza ali ndi mwai woposa woceka matabwa. Woceka afuna thunthu lalikuru, nasiya nthambi ziole kapena zipse. Wozunguza akhuta ndi zotsalazo. Nthambi ya mlombwa yotalika ngati mkono ipereka mipini ya zipangizo, miyendo ya kampando, kapena timbale tingapo. Mango wokalamba, malaina ndi mitengo yogwa ndi mphepo, zonse ziri ndi nchito pa makina. Cidutswa cimene wooca makala angacigulitse ndi tindalama tocepa cikhoza kusanduka mbale yokhala m'nyumba zaka zambiri.

KWA INU AMENE MWATSIRIZA SUKULU

Ambiri a inu mwabwerera kumudzi ndi setifiketi m'thumba, ndipo nchito za m'maofesi nzocepa koposa ozifuna. Sitinena kuti mtengo udzalemeretsa ali yense; ogula ngosankha, ndipo mbale ya pulasitiki idzakhalabe yotsika mtengo. Koma mbiri imene talondolayi iri ndi malangizo omveka kwa iwo amene manja ao ayabwa.

Coyamba, musayambe nokha. Anthu atatu kapena anai akwanira, ndipo atsikana asatsalire, pakuti chizulo sicifunsa ngati wocigwira wabvala buluku. Makina a cingwe afuna zipilala ziwiri, mabauti awiri onoledwa nsonga, cingwe, ndi zitsulo zimene wosula angakusulireni ndi sipuling'i yakale ya galimoto. Caciwiri, pitani kwa akuru amene akali kusema mitondo ndi ng'oma, mukhale pansi, muwafunse maina a mitengo ndi makhalidwe ace. Iwo adziwa mtengo, inu mudziwa kulemba ndi kuwerengera; lembani zimene anena asanapite nazo kumanda.

Cacitatu, phunzirani kudikira. Mtengo wauwisi usemeka mofewa, koma ung'aluka pouma. Cifukwa cace mbale muyambe mwaizunguza yocindikala, muiike pamthunzi miyezi ingapo, kenaka muibwezere pa makina ndi kuitsiriza. Ndipo mtima wa pakati peni peni pa mtengo muupewe, pakuti ming'alu iyambira pomwepo. Zodyeramo muzidzoze mafuta odyedwa kapena phula la njuci. Cacinai, samalani moyo: mtengo wa mng'alu usakwere pa makina, malaya a manja olendewera abvulidwe, maso ndi mphuno zichinjirizidwe ku zipalapala ndi fumbi. Cacisanu, pitani kwa mfumu ndi kwa a zankhalango mumve za cilolezo musanagwetse mtengo wa malonda; ndipo gulu lanu likhale ndi lamulo lakuti nyengo ya dzinja iri yonse libzale mitengo ndi kulambula moto kuzinga yaing'ono.

Pomariza, ikani tsiku lokomana, ndipo tsikulo yense adze ndi cimene wapanga, cabwino kapena copotoka, aciike pakati pa anzace. Wodzudzulidwa asapse mtima, ndipo wodziwa asabise nzeru, pakuti George Lailey anali mmisiri woposa ambiri, koma luso lace linagona m'nyumba ya zakale cifukwa panalibe wolilandira. Pa mwambo wa Tuwimba, pamene Ansenga asonkhana kwa Kalindawalo caka ndi caka, ng'oma zimene zilira zinagobedwa ndi munthu amene anaphunzira kwa munthu mnzace. Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Ngati ana a mawa adzamva ng'oma zimenezo, kudzakhala cifukwa cakuti ena a inu munakhala pansi pamodzi, wina nagwira cingwe, wina nagwira chizulo.